Mapini Asanu ndi Atatu mu Ubongo wa Mbuzi

1. Tsamba long'ambika

Buku la Bayoloje linali limodzi kalasi yonse ya Fomu 3, ndipo tsamba la ubongo linali long'ambika pakati. Theka lakumanzere linalipo. Lakumanja linapita ndi munthu wina amene mwina anasowa pokulungira mtedza.

Aphunzitsi a Kachiza anayesa kujambula ubongo wathunthu pa bolodi. Chimene chinatuluka chinali kabichi wofota, ndipo kalasi inaseka mpaka iwo eni anaseka nawo.

"Chabwino," anatero akusasa choko m'manja. "Mpikisano wa sayansi uliko pa boma mwezi wamawa. Amene akuona kuti angaonetse ubongo woposa kabichi wangayu aimike dzanja."

Manja awiri anakwera pa desiki imodzi, la Sadia Husseni ndi la Magdalena Yoswa. Atsikana awiriwa ankakhala limodzi kuyambira Sitandade 4. Ankagawana labala, mandasi ndi zinsinsi, ndipo aphunzitsi atatu anayesapo kuwalekanitsa n'kulephera.

"Ababa anga amazinga mbuzi pa msika Lachitatu ndi Loweruka," Sadia anatero. "Mitu imapezeka."

A Kachiza anaganiza pang'ono. "Ubongo wa mbuzi ndi waung'ono, koma mamangidwe ake ndi ofanana ndi a munthu. Zipinda ndi zomwezo, kungosiyana kukula kwa nyumba."

Poweruka anawaitanira awiriwo kuseri kwa ofesi n'kuwapatsa botolo la sipiliti.

"Muuviike m'menemu, ulimba osawola. Koma musanene kuti ndakupatsani ndine. Ahedi sakudziwa kuti ndatunga."

2. Chigaza chitsegulidwa

Loweruka m'mawa Che Husseni, bambo a Sadia, anacheka chigaza cha mbuzi ndi sowo pang'onopang'ono, atsikana awiri atawaunjirira. Anali atazinga mbuzi pa msika umenewu, kufupi ndi Msakambewa, zaka makumi awiri ndi ziwiri, koma bongo anali asanauyang'anitsitsepo. Unkangopita ndi wogula mutu.

"Taona, Magi!" Sadia anakuwa. "Ndi awiri!"

Ubongo waukulu, umene a Kachiza ankautcha selebulamu, unali magawo awiri, lakumanzere ndi lakumanja. Pakati panadutsa ngalande yakuya kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Pamwamba ponse panali makwinya okhaokha, timapiri ndi tizigwa, ngati wina wafinya Dowa yense n'kumuika pachikhatho.

Magdalena anakankha magawo awiriwo ndi kamtengo ka machesi. Pansi pa ngalandeyo panaoneka kalamba koyera kolumikiza mbali zonse ziwiri.

"Mlatho ankanena a Kachiza uja ndi uwu!" anatero. "Apa ndi pamene mbali ziwirizi zimauzirana nkhani. Ndipo mukudziwa, Che Husseni? Mbali yakumanzere imalamulira dzanja lamanja, yakumanja imalamulira lamanzere."

"Ndiye kuti mutu wa munthu ndi wopingasa chibadwire," anatero Che Husseni. "N'chifukwa chake makasitomala anga amaloza nthiti akufuna mwendo."

Koma atsikana atauika ubongowo m'botolo la mayonezi n'kuthira sipiliti, nkhope ya Che Husseni inasintha. Anapukuta manja pa epuloni n'kuwauza kuti akhale pansi.

"Mverani nonse awiri. Ine pano sindigulitsa nyama yokha. Nyama aliyense angagulitse. Anthu amabwera pa benchi langa, a ku mzikiti ndi a ku tchalitchi omwe, chifukwa akudziwa kuti mbuzi imene ndazinga ine inali yamoyo, sinali yakuba, sinafe ndi matenda. Dzina limeneli ndalimanga Lachitatu ndi Loweruka, mvula ndi dzuwa, inu musanabadwe. Munthu akangokayika kamodzi chimene chili pa mbedza yanga, safunsa. Amangodutsa, ndipo mnzake akaona wadutsa amadutsanso. Ndiye chinthu chanuchi chisakhale pa butchala, chisayendeyende m'zikwama, ndipo pakhomo pamene chikagone, wamkulu wa pamenepo ayambe wadziwa. Mwandimva? Wamkulu ayambe wadziwa."

"Tamva," anayankha onse.

Mayi a Sadia, a Ashura, anauzidwa tsiku lomwelo, ndipo anakana pomwepo. "M'nyumba mwanga mumalowa nyama yophika. Yongoyang'ana ayi."

"Ndikasunga kwathu m'chigafa," Magdalena anatero. "Amayi ndikawauza."

Patatha sabata ubongo unalimba, ndipo atsikana anakhala kuseri kwa kalasi kubaya mapini. Gawo lililonse lili ndi zigawo zinayi. Chakutsogolo, kuseri kwa mphumi, n'choganizira ndi kusankha chochita. Chapaliwombo n'chomvera kukhudza, kutentha ndi kuzizira. Cham'mbali, pafupi ndi khutu, n'chomvera mawu ndi kukumbukira. Chakunkhongo n'choonera.

"Maso kutsogolo, koma munthu n'kumaonera kunkhongo," Sadia anaseka. "Amene anakonza zimenezi ankakonda ndagi."

Zinayi kumanzere, zinayi kumanja, mapini anakwana asanu ndi atatu. Pa pini iliyonse anamangirira ulusi wofiira wotulukira kunja kwa botolo, ndipo kumapeto kwa ulusi kapepala kokhala ndi dzina la m'buku. Analemba ndi Magdalena, chifukwa zolemba za Sadia zinkaoneka ngati nkhuku yapalasa.

Kenaka Magdalena anakulunga botolo mu jumbo yakuda n'kulibweza m'chigafa. Amayi ake anali asanawauzebe.

3. Nkhani ikula m'njira

Nkhani inamupeza Sadia pa mjigo Lachinayi madzulo, ndipo inamupeza itakula kale.

A Manesi, mayi a Magdalena, analowa m'chigafa kukaona ngati fodya wauma. Kuseri kwa mikangala anapeza jumbo yakuda. Atatsegula anaona bongo wobayidwa mapini, ulusi wofiira, ndi timapepala ta mawu amene palibe mnansi anatha kuwatchula. A Manesi anali ataika m'manda khanda la miyezi inayi mvula ya chaka chatha. Akuti kulira kwawo kunamveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Pofika pa chigayo, ubongo wa mbuzi unali utasanduka wa mwana. Pofika pa siteji ya njinga, timapepala tija tinali titasanduka ta Chiarabu, ndipo aliyense anali atakumbukira mwadzidzidzi kuti nyama ya Che Husseni imakoma modabwitsa.

"Nanga Magi sanawafotokozere?" Sadia anafunsa mayi amene ankapopa madzi.

Mayiwo sanamuyang'ane. "Mwana wa eni wanena kale. Akuti unamupatsa ndiwe kuti akusungire, ndipo iye sanatsegule."

Lachisanu Sadia anayamba ndi a Kachiza. Anawapeza pakhomo la ofesi, ahedi ali m'kati chitseko chili pululu.

"Sala, mubwere mawa pa msika mudzauze anthu kuti ndi za mpikisano. Sipiliti uja..."

"Sipiliti uti?" A Kachiza analankhula mokweza kuti mawu alowe mu ofesi. "Ine ndinati muonetse ubongo. Munthu amaonetsa pojambula. Za mabotolo ine sindikuzidziwa."

Magdalena anakhala tsiku lonse kumapeto kwenikweni kwa desiki, osatembenuka. Poweruka Sadia anamutsekera njira pa mabulugamu.

"Magi, sunatsegule? Iwe? Amene unabaya pini ya kunkhongo kawiri chifukwa inapendama?"

"Usakuwe."

"Ndikuwa! Unalonjeza pamaso pa ababa kuti ukawauza amayi ako."

"Ndimafuna kuwauza, koma akanakana, ndiye tikanasunga kuti?" Magdalena anakoka lamba wa chikwama chake. "Sunawaone mmene analili, Sadia. Anagwa pansi. Atandifunsa, pakamwa panangotuluka zimenezo. Pano ndikasintha mawu, sukulu yanga yathera pomwepo. Malume a ku Ntchisi akhala akunena kuti ndikawathandize kusankha fodya, kuti sukulu ikungondiphunzitsa mwano. Amayi ndi amene amandikanira. Akadziwa kuti ndinawanamiza, andikanira ndani?"

"Nanga ababa anga?"

"Ababa ako ndi aakulu. Anthu alankhula sabata imodzi, aiwala."

Magdalena anamulambalala n'kumapita. Sadia anatsala chiimire. M'chikwama chake munali kope la Bayoloje la Magdalena, limene anabwereka Lachiwiri kuti akopere notsi.

4. Loweruka pa msika

Che Husseni anazinga mbuzi ziwiri monga mwa nthawi zonse. Pofika teni koloko zonse ziwiri zinali chipachikire pa mbedza, zosadulidwa ngakhale mchira. Anyamata ootcha kanyenya, amene ankalimbirana chiwindi dzuwa lisanatuluke, anadutsa ngati aitanidwa kwina. Ntchentche zokha ndi zimene sizinamve nkhani.

A Enoki, wapampando wa msika, anaitanitsa nkhaniyo pomwepo pa butchala. Anthu anasiya tomato ndi kaunjika n'kuzungulira. A Manesi anafika atagwira botolo ndi nsalu, Magdalena ali pambuyo pawo.

"Ine sindinapite kusukulu," a Manesi anayamba, "koma ndinabereka ana asanu, ndipo mmodzi ndinamuika m'dothi ndi manja angawa. Inu a sukulu mumatiseka tikamaopa zinthu. Sekani. Koma chinthu chabwino sichibisala mu jumbo yakuda kuseri kwa fodya wa munthu. Chinthu chabwino chimalowera pakhomo, chimapatsidwa moni. Mwana wanga ndinamuuza kuti cheza ndi aliyense, usasankhe mpingo, usasankhe mtundu. Lero andilipira pondiikira ichi pamene ndimapezera chakudya cha ana anga. Masiku atatu sindinadye. Ndikatseka maso ndikuona kamutu ka mwana wanga. Che Husseni, ndagula nyama kwa inu zaka zonsezi. Ndiuzeni, pakhomo panga munafunapo chiyani?"

Che Husseni anatsegula pakamwa, koma Sadia anayamba ndiye.

"Ababa, tsegulani mutu wina."

Sowo inalira. Sadia anaika ubongo watsopano pa mbale ya sikelo n'kuloza ndi kamtengo.

"Onani. Magawo awiri, ngalande pakati, makwinya pamwamba. N'chimodzimodzi ndi wa m'botolomo. Mapini ndi ongosonyeza zigawo: apa poganizira, apa pomvera, apa poonera. Ndipo taonani sikelo. Sukufika ndi magalamu handiredi omwe. Wa munthu wamkulu umaposa kilo, ndi waukulu ngati zibakera ziwiri mutaziphatikiza."

"Nanga wa khanda?" wina anafunsa kumbuyo.

"Ngakhale wa khanda lobadwa kumene umaposa uwu katatu kapena kanayi."

"Unauyezera kuti?"

Anthu anang'ung'udza. Yankho lokhoza mayeso linali litamuipitsira Sadia mlandu.

Mayi wina wogulitsa usipa anasuzumira m'botolo, kenaka pa sikelo. "Komatu si zofanana izi. Uwu ndi wofewa, wamagazi. Wa m'botolowu ndi wotuwa, wolimba, wonyala."

"Ndi sipiliti wachititsa!"

"Anakupatsa ndani?"

"Aphunzitsi."

"Ali kuti?"

Sadia anayang'ana uku ndi uku, ngakhale ankadziwa kuti palibe.

A Enoki anakweza dzanja. "Mtsikanayu akulankhula zomveka, koma akulankhula yekha. Pakufunika mboni. Iwe Magdalena, umakhala naye desiki imodzi. Za mbuzi ndi mpikisanozi ukuzidziwa?"

Magdalena anayang'ana zala za kumapazi kwake. Sadia anamuyang'anitsitsa, akudikira.

"Sindikuzidziwa," Magdalena anatero. "Anangondipatsa jumbo."

Bambo wina analavula pansi. Wina anati butchalayo itsekedwe kufikira apolisi abwere, ndipo ambiri anavomereza. Che Husseni anayamba kumasula epuloni yawo pang'onopang'ono. Sadia anali asanawaonepo akuvula epuloni nyama ili pa mbedza.

Anatsegula chikwama. Magdalena analiona kope lija lisanatuluke lonse, ndipo anapukusa mutu kamodzi, pang'ono kwambiri, moti anaona ndi Sadia yekha.

Sadia analitulutsa n'kulipereka kwa a Enoki.

"Dzina lili pachikuto. Tsegulani tsamba lomaliza."

A Enoki anavala magalasi n'kuwerenga mokweza, liwu ndi liwu, monga amawerengera malamulo a msika.

"Magdalena Yoswa, Fomu 3. Ntchito ya mpikisano. Sadia: mutu wa mbuzi. Aphunzitsi: sipiliti. Ine: mapini eyiti, ulusi wofiira, kulemba mayina, kusunga m'chigafa." Anatenga kapepala kamodzi ka pa botolo n'kukaika pambali pa tsambalo. Anayang'ana nthawi yaitali. "Dzanja ndi limodzi."

Kenaka mmodzi wa anyamata a kanyenya anaphulika kuseka.

"Ndiye msika wonse takhala tikuthawa mbuzi yophunzira!"

Chiseko chinafalikira. Amene anati butchala itsekedwe anayamba kufotokozera anzawo kuti iwo anakayika kuyambira pachiyambi.

A Manesi sanaseke. Anaika botolo pansi n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Unkadziwa kuti ndi mbuzi."

"Amayi..."

"Masiku atatu wakhala ukundiona ndikulira mwana wanga kachiwiri. Ukundipatsa madzi, ukundifunditsa nsalu, ukudziwa kuti ndi mbuzi." Mawu awo anali otsika, koma anamveka kuposa chiseko. "Malume ako ananena. Ine ndi amene ndinali wopusa. Tiye."

Podutsa pafupi ndi Sadia, Magdalena anaima. Maso ake anali ouma.

"Kope limenelo ndinakubwereka kuti ukopere notsi."

"Unafunsidwa kawiri, Magi. Dzulo, ndi lero pamaso pa anthu."

"Wakhoza," Magdalena anatero, n'kutsatira amayi ake.

5. Theka la desiki

Pofika thu koloko mbuzi zonse ziwiri zinali zitatha, ndi mitu yomwe. Ena anagula nyama imene sanaikonzekere, pofuna kuti Che Husseni awaone akugula.

Lolemba Sadia anakhala yekha pa desiki. Princess, mtsikana wa desiki yakumbuyo, anamugwira paphewa.

"Wamva? Mnzako anamukweza njinga yamoto dzulo atangotuluka m'tchalitchi, ulendo wa ku Ntchisi kwa malume ake. Chikwama cha zovala pamiyendo. Yunifolomu anaisiya pa chingwe."

A Kachiza analowa akumwetulira. Ahedi anali atawadzudzula pang'ono za sipiliti, koma anali atamvanso kuti msika wonse ukukamba za ubongo, ndipo sukulu inali isanatchukepo chonchi.

"Sadia Husseni, waonetsa kulimba mtima kwa wasayansi weniweni. Ndinadziwa kuti ntchito yathuyi ipita patali. Usankhe mnzako wina wopita naye ku boma."

"Ntchito yathu iti, Sala?" Sadia anafunsa. "Inu munati tijambule."

A Kachiza anatembenukira ku bolodi n'kuyamba kulemba za impso.

Madzulo Sadia anapeza bambo ake pakhonde akunola mipeni. Anakhala pambali pawo, ndipo iwo anayamba.

"Unandipulumutsa, mwana wanga, ndipo unanena zoona. Zimenezo palibe angakulande. Koma usayembekezere kuti zikukomera. Ine ndinalakwaponso. Ndinati wamkulu ayambe wadziwa, kenaka ndinakhala pansi osapita ndekha kukaonana ndi a Manesi, ulendo wa mphindi khumi. Ndinasiyira ana ntchito ya akuluakulu. Mnzako anachita mantha, ananama, bodza lake likanatha kutitsekera pakamwa tonse m'nyumba muno. Koma wazaka zake sayenera kulipira bodza limodzi ndi sukulu yake yonse. Kusankha fodya kulibe Fomu 4."

"Ndikanapanda kutulutsa kope lija..."

"Bwenzi lero tikukamba zina, ndipo bwenzi ukulira ine." Anayesa mpeni pa chala. "Kalowe, ukathandize amayi ako. Ine ndigona msanga, mawa ndilawirira ku Ntchisi kukagula mbuzi za Lachitatu."

Sadia sanadzuke.

"Kwa malume ake a Magi n'kutali ndi kumene mukagule mbuziko?"

Che Husseni anasiya kunola. "Phiri limodzi. Koma mawa ndi tsiku la sukulu, ndipo kumeneko palibe wakuitana. Malume akewo ndimawadziwa, salankhula ndi ana. Mwinanso mnzakoyo sakafuna n'kukuona komwe."

"Ndikudziwa," Sadia anatero. Analowa m'nyumba, natenga kope la Magdalena limene a Enoki anamubwezera, n'kuliika m'chikwama. Kenaka anasuzumira pakhomo.

"Ababa, mukamanyamuka mundidzutse."